Mlendo Ndi Mame, Koma Dzenje Limatsala

Makolo anzanga, ndi inu anyamata ndi asungwana, mwezi uno tikambirane za malamulo atsopano osamalira nthaka, madzi ndi mpweya, amene Boma laikira anthu onse ochita malonda, kuyambira kampani yaikulu yokumba mgodi kufikira mayi wogulitsa tomato pamsika. Kapena ena adzati nkhani ya malamulo njoyenera maloya ndi aphungu a ku Lilongwe. Koma ife a m'boma la Karonga sitingathe kulankhula chotero, pakuti pansi pa minda yathu pagona malasha ndi miyala ya yureniyamu, ndipo eni chuma a maiko akutali anazindikira kale zimenezi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kampani nayonso ndi mlendo. Imafika mtengo wa miyala ukakwera, nichoka mtengowo ukatsika. Chotsala ndi dzenje, pamodzi ndi ana athu amene adzamanga nyumba zawo m'mbali mwake.

Tiyambe ndi zimene zinaoneka ku Mwabulambo, kumpoto kwa tauni ya Karonga, kumene anthu amadalira mpunga. Kampani ya Eland inakumba malasha kumeneko kwa zaka zingapo, ndipo m'chaka cha 2015 inaleka ntchito nichoka. M'chaka cha 2016 bungwe la Human Rights Watch, litayendera midzi yozungulira migodi ya m'boma lino, linalemba kuti maenje anasiyidwa osakwirira, kuti mabanja ena anasamutsidwa popanda chipukutamisozi chokwanira, ndi kuti anthu anali kumwa madzi ali ndi nkhaŵa, popeza panalibe wowauza ngati madziwo anali abwino kapena ayi.

Kodi dzenje la malasha liopsa motani? Malasha ambiri amakhala ndi sulufule. Sulufuleyo akakumana ndi mvula ndi mpweya, madzi otsika pamilu ya malasha amasanduka aukali, ndipo akaloŵa m'munda amafooketsa mbewu, akaloŵa mumtsinje amapha nsomba. Dzenje likadzaza madzi limasanduka mudzi wa udzudzu, ndiponso msampha wa ana ndi ng'ombe. Zonsezi zimachitika mwini mgodi atalonga kale katundu wake.

Pa masiku amenewo migodi inali kuyendera lamulo la m'chaka cha 1981, limene linali ndi mawu ochepa kwambiri onena za anthu a m'midzi. Lamulo losamalira chilengedwe la m'chaka cha 1996 linalipo ndithu, koma panalibe bungwe loima palokha loti liziyang'anira, ndipo zindapusa zake zinapepuka pamene kwacha inali kutsika mphamvu. Tsono m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la chilengedwe, limene linayamba kugwira ntchito mu 2019, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lodziŵika mwachidule kuti MEPA. Lamulo la migodi nalonso linasinthidwa mu 2019, nilembedwanso mu 2023. M'malamulo ameneŵa muli mfundo zinayi zimene banja lililonse la kuno liyenera kuzisunga pamtima.

Mfundo yoyamba ndi yakuti ntchito yaikulu, monga mgodi, damu, kapena munda waukulu wothirira, siingayambe mwini wake asanafufuze ndi kulemba mmene ntchitoyo idzakhudzira nthaka, madzi, mitengo ndi moyo wa anthu. Pofufuzapo ayenera kumva maganizo a eni dera. MEPA ikakhutira ndiyo imapereka chikalata chovomereza, ndipo m'chikalatamo mumakhala zoyenera kutsata. Chotero msonkhano umene amfumu amaitanitsa kuti alendo afotokoze za ntchito yawo si mwambo wamba wolonjerana. Ndi khomo limene lamulo linaika, ndipo kampani iyenera kudzera pamenepo.

Mfundo yachiŵiri ndi yakuti wodetsa ndiye alipire. Wopempha chilolezo cha mgodi ayenera kuonetseratu mmene adzakwirire maenje ndi kukonzanso malo pa tsiku lotseka, ndipo Boma lili ndi mphamvu yofuna kuti ndalama zina zisungidwe ngati chikole cha ntchito imeneyi. Nzeru yake njapafupi. Mwini ngolo wobwereketsa ng'ombe zake kwa munthu wapaulendo amayamba walandira chikole ng'ombezo zisanatuluke m'khola, pakuti wapaulendo akaoloka mtsinje sungamuitanenso.

Mfundo yachitatu ndi yakuti kampani ya mgodi waukulu iyenera kupangana ndi midzi yoyandikana nayo za chitukuko, ndi kuperekapo ndalama zosachepera 0.45 pa 100 iliyonse ya zimene yagulitsa pachaka. Ana a sukulu aŵerengere makolo awo: pa K100,000 iliyonse ya malonda, K450 njya midzi. Ioneka yochepa, koma malonda a mgodi amaŵerengedwa m'mabiliyoni. Ndiponso ndalama imeneyi si mphatso yoti tiivinire ndi kuiwombera m'manja. Ndi ngongole imene lamulo lalamula.

Mfundo yachinayi ili m'ndime 4 ya lamulo la 2017. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osadwalitsa, ndipo angathe kukadandaula ku bwalo la milandu ngakhale munda woonongekawo suli wake. Pamwamba pa izi, kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha ndi kulandira zikalata za m'maofesi a Boma likugwira ntchito. Motero mayi wa kumudzi wofuna kudziŵa zimene akatswiri anapeza atapima madzi a pachitsime chake sakupempha chifundo ayi. Akufunsa chake.

Kumene mfundo zimenezi zidzayesedwa koposa ndi ku Kayelekera, pa mtunda wa makilomita ngati 52 kumadzulo kwa tauni ya Karonga. Kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu kumeneko mu 2009. Mu 2011 ngozi inagwa pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima m'dziko la Japan, mtengo wa yureniyamu unatsika pa dziko lonse, ndipo mu 2014 mgodiwo unaima, anthu ambiri nachotsedwa ntchito. Taonani mmene chivomezi cha kutsidya kwa nyanja zamchere chinazimitsira moto m'makhitchini a ku Karonga! Mu 2020 kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, inagula mgodiwo, Boma la Malaŵi likusungabe magawo 15 pa 100, ndipo mu 2025 ntchito inayambanso, tsopano pansi pa malamulo atsopano aja ndi pansi pa lamulo la 2011 loyang'anira miyala yotulutsa cheza choopsa. Chikole cha madola 10 miliyoni chokonzera malo chinaikidwa kale m'masiku a Paladin.

Tisakhale anthu oona choipa chokha. Mgodi unapatsa anthu ntchito, ndipo Paladin inamanga malo oyeretsera madzi a m'mipopi ya tauni ya Karonga. Koma tikumbukirenso kuti madzi otsika m'mapiri a Kayelekera amaloŵa mumtsinje wa Sere, Sere nathira mu North Rukuru, ndipo Rukuru amatsirira m'nyanja ya Malaŵi, mmene timamwa, kusamba ndi kupha usipa. Matope otsala yureniyamu akachotsedwa m'miyala amakhalabe ndi cheza chake kwa zaka zikwi zambiri, pamene moyo wa mgodi umaŵerengedwa ndi zaka khumi kapena makumi aŵiri. Nchifukwa chake funso lofunika kwa ife si lakuti mgodi ulipo kapena palibe, koma lakuti damu losunga matopewo adzaliyang'anira ndani adzukulu a adzukulu athu ali moyo.

Eni malonda nawonso ali ndi dandaulo, ndipo nkoyenera kulimva. Amati kufufuza kumadya ndalama zambiri, zikalata zimachedwa m'maofesi, ndipo malamulo akachuluka obweretsa chuma amathaŵira maiko ena, achinyamata natsala opanda ntchito. M'mawu ameneŵa muli choonadi, ndipo maofesi a Boma ayenera kufulumira ndi kukana ziphuphu, kuti wotsata lamulo asaoneke wopusa pamaso pa wolizemba. Komabe mtengo wokonza choonongeka sutha chifukwa chakuti kampani yaukana. Umangosamuka, nugwera mlimi amene mpunga wake wafota, ndi chipatala chimene odwala achuluka. Lamulo latsopano langobweza mtengowo kwa mwini wake.

Tsono tisaganize kuti malamulo ameneŵa analembera makampani a migodi okha. Akhudzanso ife eni magolosale, ogulitsa tchipisi pachiwaya, ndi onse otenga katundu pa chipata cha Songwe. M'chaka cha 2015 Boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa majumbo opyapyala osakwana mamaikironi 60, ndiko kuti opyapyala kuposa pafupifupi tsitsi limodzi la munthu. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira ku khoti natenga ziletso. Mu July 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo nloyenera, koma makampani ena anayambitsanso milandu yatsopano, kufikira kumayambiriro kwa 2025 pamene khoti linatsegulanso njira yoti MEPA igwire ntchito yake. Zaka khumi zathunthu lamulo lili pa pepala, majumbo ali mbuu m'misika! Anzathu a ku Tanzania, tsidya lija la Songwe, analetsa majumbo mu June 2019. Ndipo mayi wina wa dziko lino, Gloria Majiga-Kamoto, amene anadzidzimuka poona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba, nalimbikira nkhondo imeneyi, analandira mphotho ya Goldman mu 2021.

Kwa ife a kuno, kumene ng'ombe ndiyo chuma cha banja, nkhaniyi siifuna womasulira. Ng'ombe ikameza jumbo yokhala ndi fungo la mchere kapena mafuta, jumboyo siigayika. Imaunjikana m'chifu, ng'ombe niyamba kuwonda msipu uli wobiriŵira, mwini wake nayamba kuloza anansi zala. M'nyengo ya dzinja majumbo omwewo amatseka ngalande, ndipo mudziŵa nonse mmene madzi osefukira amasautsira tauni yathu. Kodi tingadzudzule bwanji mwini mgodi chifukwa cha dzenje lake, ife tikutaya majumbo, oilo wakuda wa m'magalaji ndi zinyalala za pamsika m'ngalande yopita kunyanja? Mfundo ija yakuti wodetsa ndiye alipire siiyang'ana kukula kwa thumba. Dengu ndi chikwama cha nsalu zimene amayi athu ankapita nazo kumsika sizinathe ntchito, ndipo oluka madengu angapezepo malonda.

Phunziro la zaka khumi za majumbo ndi ili: lamulo lili ngati khasu, silipalira munda lili pakhonde. Antchito a MEPA ngochepa ndipo likulu lawo lili ku Lilongwe, kutali ndi Sere ndi Mwabulambo. Maso a lamulo kuno ndife. Chotero msonkhano wa za mgodi kapena ntchito ina yaikulu ukaitanidwa, tipiteko tonse, makamaka amayi, pakuti ndiwo amatunga madzi ndipo ndiwo amayamba kuona akasintha mtundu. Tifunse mwaulemu koma mosaopa: Madzi onyansa adzapita kuti? Dzenje adzakwirira ndani, ndipo ndalama yake yasungidwa kuti? Zopezeka popima madzi tidzazimva liti, ndipo m'chinenero chanji? Mayankho alembedwe, ndipo pepala lina litsale kwa amfumu. Tisasayine kapena kudinda chala pa chikalata chimene sitinachimve, ngakhale patakhala botolo la chakumwa ndi kandalama ka m'thumba. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna.

Inu achinyamata amene mwaphunzira, apa ndi pamene sukulu yanu ingabweze ngongole kwa makolo amene anagulitsa mpunga kuti mulipire fizi. Zikalata zimenezi zimalembedwa m'Chingerezi chovuta. Ziŵerengeni, muzimasulire m'Kyangonde, m'Chitumbuka kapena m'Chicheŵa, kuti agogo anu amve chimene akuvomera. Mukaona madzi akuda akutsikira mumtsinje, lembani tsiku ndi malo, jambulani, ndipo kanenani kwa amfumu ndi kwa mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya boma. Ndipo ndalama ya chitukuko ija ikafika, muiyang'anire ndi diso lomwelo, pakuti ingathe kusoŵa m'manja mwa abale athu a m'makomiti monga momwe ingasoŵere m'manja mwa alendo. Funsani kuti yalandiridwa zingati, yagula chiyani, ndipo chogulidwacho chili pati.

Makolo anzanga, minda imene tikulima tinailandira kwa akale ili ndi madzi abwino, ndipo sanatilipiritse kanthu. Alendo abwere ndithu, akumbe, agulitse, apindule, nafenso tipindule nawo. Koma tsiku lotsazikana likambidwe pa tsiku lolonjerana, mlendo akali pampando ndipo chikwama chake chikali chotsegula. Madzi akatayika saoleka. Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamaŵa.