Nanga Tikatchaje Kuti?

Ati tisamatchajenso foni pa timabowo ta USB ta m'mabwalo a ndege, m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu. Anatero a FBI a ku Denver, ku America, mu April 2023, ndipo uthengawo wayenda pa WhatsApp mpaka watipeza kuno. Ati mbava zitha kulowetsa pulogalamu yoipa m'foni kudzera pa kabowoko, n'kuba zithunzi, mauthenga ndi manambala achinsinsi.

Sitikutsutsa ayi. Chingwe wamba cha USB chili ndi mawaya anayi mkati: awiri amanyamula moto, awiri amanyamula deta. Amene wabisa kakompyuta kuseri kwa kabowo ndiye kuti atha kumakupatsa moto uku akukusolola. Ofufuza ena anazionetsa poyera mu 2011 pamsonkhano wa DEF CON ku Las Vegas, pamene anaika malo otchajirapo aulere ndipo akatswiri a makompyuta eniakewo anathamangirapo, sikirini n'kumawadzudzula. Mu 2013 ofufuza a ku Georgia Tech anapanga tchaja yotchedwa Mactans, yomwe inkalowetsa pulogalamu mu iPhone mphindi imodzi isanathe. N'chifukwa chake foni za masiku ano zimayamba zafunsa ngati ukufuna kungotchaja kapena kutumiza mafayilo. Komatu bungwe la FCC, la ku America komweko, linanena lokha kuti silikudziwa za munthu amene zinatsimikizika kuti anaberedwa mwa njira imeneyi. Mantha okha ndiwo atifikira.

Chotiwawa ndi malangizo akewo. Ati nyamula tchaja yako, ulumikize pa soketi ya pakhoma. Soketi yake iti, abale? Magetsi athima m'mawa tisanaphike phala, kumudzi ndiye sanafikeko n'komwe. Ati gula pawabanki. Yabwino mtengo wake ngwoboola m'thumba, yotchipa ya pamsika imangoyatsa timagetsi take kutinamiza kuti yadzaza.

Ife foni timakaisiya ku babashopu kapena kwa mnyamata wa sola pa tiledingi senta, pathebulo pamene paunjikana mafoni a mudzi wonse ngati tomato wa pamsika. Talipira, tapita kumunda, tidzabwera dzuwa litapendeka. Tsiku lonse foni ili m'manja mwa munthu, ndipo iyeyo safunika kakompyuta kobisika, zala zake n'zokwanira. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, tisawanamizire. Koma ndani sanamvepo za batire labwino lomwe linabwerera litatupa, memore khadi yomwe inasowa, kapena zithunzi za mwana wa eni zomwe zinapezeka zikuzungulira m'magulu? Mu simu momwemo muli ndalama za feteleza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo PIN yake, tisanamizane, enafe ndi chaka chobadwa. Za izi palibe amatitumizira chenjezo.

Ndiye tizitchajabe basi. Wochenjera amaika loko, amathimitsa foni, n'kuchotsa simu ndi memore khadi asanaisiye. Wina akalumikiza pa USB amasankha kungotchaja. Koma musamuuze za FBI munthu amene ali m'basi ya ku Joni, akuyandikira Beitbridge, batire lili pa 3 peresenti, nambala ya mlamu wake wodzamuchingamira ku Park Station ili m'fonimo, kabowo kali pansi pa mpando pomwepo. Alumikiza ameneyo, ndipo woyandikana naye ayamba kale kufunsa kuti, “Achimwene, mukamaliza mundibwerekeko chingwecho.”