Malamulo opondereza atolankhani: zokambirana zisathere ku hotela

Boma lililonse likangolowa kumene, nkhani ya ufulu wa atolankhani imayamba ndi mawu okoma. Nduna ya zofalitsa nkhani imakumana ndi bungwe la MISA Malawi, a Media Council of Malawi ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu, amajambulitsa, kenako tonse timamva zoti malamulo oipa aunikidwanso. Kukambirana n'kofunika, palibe akukana. Koma tikaona mmene zinthu zayendera kuyambira 2012, chikuoneka n'chakuti lamulo limodzi likachotsedwa, apolisi amangotsegula tsamba lina.

Tiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo. Mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma, aphungu adachotsa mphamvu zomwe ulamuliro wa Bingu wa Mutharika udapatsa nduna pa gawo 46 la malamulo a milandu zoti ikhoza kuletsa nyuzipepala. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi aboma lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016, Peter Mutharika adalisainira mu Febuluwale 2017, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, Lazarus Chakwera ali pampando. Mu Novembala 2022 aphungu adafafaniza magawo a mlandu woyambitsa mtima woukira boma. Ndipo mu Julayi 2025 oweruza atatu a khoti lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, adagamula kuti gawo 200, lomwe limachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

Taonani bwino chomalizachi. Sichidachokere pa tebulo la zokambirana ayi. Adachita kupita kukhoti ndi munthu yemwe adali atamangidwa kale chifukwa cha zomwe adalemba pa masamba a mchezo. Mabungwe adakhala akudandaula za gawo limeneli kwa zaka zambiri, maboma ankagwedeza mutu, koma lidakhalabe m'buku mpaka khoti lidalankhula.

Nanga zatsala ndi ziti? Gawo 60 la malamulo a milandu, loletsa kufalitsa nkhani zabodza zodzetsa mantha pakati pa anthu, likadalipo. Lamulo losunga zinsinsi za boma, lomwe tidasiyiridwa ndi atsamunda, likadalipo. La 1968 lounika mabuku, nyimbo ndi zisudzo nalonso silidachoke. Koma chikwapu chomwe apolisi akuchikonda masiku ano ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, lomwe mawu ake okhudza "kuzunza" ndi "kunyoza" ndi otambalala moti aliyense akhoza kukwanamo.

Mu Epulo 2022 Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism adagwidwa ndi apolisi, kumulanda foni ndi laputopu, kumufunsa kuti aulule yemwe adamupatsa zikalata za nkhani yokhudza mpondamatiki Zuneth Sattar. Mu Febuluwale 2024 apolisi adalanda mafoni ndi malaputopu a ogwira ntchito ku MBC oposa 10 pofufuza tsamba la Facebook lomwe ankati ndi lachinyengo. Mu Epulo chaka chomwecho adamanga Macmillan Mhone chifukwa cha nkhani yomwe idatuluka pa Malawi24 miyezi ingapo m'mbuyomo. Mu Meyi khoti lidapeza wolakwa bambo wina wa ku Mponela chifukwa cha kakanema konyogodola Pulezidenti komwe adatumiza pa gulu la WhatsApp. Zitatu zomalizazi zidachitika mlandu woukira boma utachotsedwa kale, eti.

Milandu yambiri yotere sifika n'kumapeto komwe. Cholinga chimakhala chakwaniritsidwa kale: wagona m'chitokosi, foni yako aiwerenga, ndipo munthu yemwe amakutsina khutu sadzayankhanso foni yako.

Tsono wina pa Thuchila angafunse kuti zimenezi zikundikhudza chani ine, poti sindine mtolankhani? Apa ndi pomwe zokambiranazi zimaphonya. Namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje mu Malichi 2023, thandizo lidabwera, mayina adalembedwa. Ndani adalemba, ndipo adatsata ndondomeko yanji? Mlimi yemwe dzina lake lasowa pa mndandanda wa fetereza wotsika mtengo, mayi yemwe wabwezedwa kuchipatala kuti mankhwala atha, komiti ya chitukuko cha m'mudzi yomwe ikufuna kudziwa mtengo weniweni wa mjigo, onsewa lamulo la 2016 lopeza uthenga lidalembedwera iwowo. Likuti ofesi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu woyankha mafunso otere, ndipo yankho libwere m'nthawi yoikika. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe lidapatsidwa udindo woyang'anira. Koma tafunsani pa msika wa Thuchila kuti ndi angati akudziwa zoti angathe kulemba kalata ku khonsolo ya Mulanje n'kuyankhidwa mwalamulo. Ndipo chipani cha DPP chidalonjeza pa kampeni ya 2025 zokweza thumba la chitukuko cha m'madera kufika pa K5 biliyoni dera lililonse. Ndalama zochuluka choncho popanda wofunsa mafunso, abale, tikudziwa komwe zimathera.

Wofunsa mafunso kumudzi nthawi zambiri ndi wailesi ya m'dera monga Mzati ya ku Mulanje, kapena mnyamata yemwe amatumiza nkhani pa foni popanda malipiro okhazikika. Ameneyu alibe loya. Akamangidwa, dzina lake silimveka ku Geneva kapena ku New York. Wapampando wa komiti kapena mkulu wachipani akangomuuza kuti "ndikumangitsa", nkhani yafera pompo. Nazonso nyumba zing'onozing'ono zoulutsa mawu zimakhala ndi mantha ena: mu 2022 bungwe la MACRA lidalanda ziphaso za mawailesi ndi makanema angapo chifukwa cha ngongole ya msonkho wa chiphaso, msonkho womwe unkawerengeredwa pa dola pomwe kwacha idali itangogwa. Ngongole ndi ngongole, inde, koma bodi ya MACRA imasankhidwa ndi Pulezidenti, ya MBC chimodzimodzi. Bungwe lomwelo ndi lomwe lidapatsidwa ntchito yoteteza zinsinsi za anthu pansi pa lamulo la 2024, ndipo kumayambiriro kwa 2025 lidautsa mapiri pachigwa ndi ganizo logula makina otsata zolembedwa pa masamba a mchezo. Mphamvu zonsezi m'dzanja limodzi, dzanjalo n'kukhala losankhidwa ku State House.

Boma lili ndi mfundo yake, ndipo tisaipeputse. Mabodza a pa intaneti alipo, amapha mabanja ndi mbiri za anthu, ndipo ife atolankhani tili ndi nyansi zathu: envulopu ya "transport" ikadali kugula mitu ya nkhani. Koma woipitsidwa mbiri ali ndi njira: kukadandaula ku Media Council, kapena kukasuma kuti alipidwe. Apolisi safunika pamenepo.

N'chifukwa chake ndikuona kuti zokambirana zilizonse zomwe boma lingayitanitse ziyenera kuyamba ndi mndandanda wa magawo, osati malonje. Gawo 60 lichoke kapena likhale? Mawu a lamulo la intaneti alembedwenso motani kuti kudzudzula mtsogoleri kusakhale mlandu? Bodi ya MACRA ndi ya MBC asankhe ndani? Funso lililonse likhale ndi tsiku lomwe bilu yake ikalowe m'Nyumba ya Malamulo, ndipo a Law Commission akhale pomwepo kuti zogwirizana zisasochere ku unduna.

Mabungwe nawonso adziyang'ane. Msonkhano wa ku Lilongwe kapena kunyanja, m'Chingerezi, anthu ake omwewo chaka ndi chaka, sungamve vuto la mtolankhani wa wailesi ya m'dera. Gawo limodzi la zokambiranazi likachitikire ku Mulanje kuno, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, liulutsidwe pompopompo, mafoni atsegulidwe, ndipo DC ndi mkulu wa apolisi wa bomali akhale kutsogolo kuyankha.