Timawu ta Chikoreya timene omasulira amataya

Omasulira mafilimu a ku South Korea ali ndi chizolowezi choipa. Akakumana ndi timawu monga jom, ani kapena geunde, amangotidumpha ngati zinyalala. Ena amati timawuti ndi tongodzazira mpata pamene munthu akusaka chonena. Limeneli ndi bodza, ndipo likutimana zambiri.

Taonani jom. Kamawuka kanachokera ku jogeum, kutanthauza "pang'ono". Koma munthu akanena kuti "mul jom juseyo" m'lesitilanti ku Seoul, sakupempha madzi ochepa ayi. Akufewetsa pempho lake kuti lisamveke ngati lamulo. Jeogi amatanthauza "uko", komabe jeogiyo ndi mmene amaitanira munthu wosamudziwa, chifukwa m'Chikoreya kulunjika mlendo ndi mawu oti "iwe" kumaoneka ngati mwano. Ani ndi "ayi", koma akakhala koyambirira kwa chiganizo nthawi zambiri sakana chilichonse: amasonyeza kudabwa kapena kudandaula. Geunde amachenjeza mnzako kuti ukusintha nkhani kapena ukufuna kumutsutsa. Geureonikka ndi "choncho", koma akayankhidwa yekha ndiye kuti munthuyo wagwirizana nawe kotheratu.

Ndiye wina angatchule bwanji zimenezi kuti zinyalala? Ife amene timamva kusiyana kwa "mwabwera?" ndi "paja mwabwera eti?" sitiyenera kunamizidwa chonchi. Mu 1987 Deborah Schiffrin analemba buku lathunthu losonyeza kuti timawu totere m'Chingelezi timayendetsa macheza. Nkhaniyi si yachilendo.

Omasulira amadzitchinjiriza ponena kuti malo ndi ochepa. Zoonadi, Netflix salola zilembo zopitirira 42 pa mzere umodzi wa Chingelezi. Koma kuchepa kwa malo kumakakamiza munthu kusankha, ndipo iwo amasankha kusunga uthenga n'kutaya ulemu. Mapeto ake wantchito amene akupempha bwana wake monyengerera amaoneka ngati akumulamula. Squid Game itatuluka mu 2021, anthu odziwa Chikoreya anadandaula poyera kuti mawu omasulirawo anasintha khalidwe la anthu ena m'seweromo.

Kwa inu amene mukuphunzira chiyankhulochi, chenjezo ndi ili: mukhoza kukhoza mayeso a TOPIK, galamala yonse ili m'mutu, koma n'kumamvekabe ngati munthu wouma pakamwa. Aphunzitsi aziphunzitsa timawuti kuyambira chaka choyamba, ndipo omasulira akasowa malo azitaya china, osati ulemu wa woyankhula.