Tambala Wotsimphina Asathamangitsidwire ku Mpeni

Kuchokera pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anatsegula Mishoni ya Domasi mu 1884, anthu a m'chigwachi akhala akudzutsidwa ndi zinthu ziwiri, belu la tchalitchi ndi tambala wa kuseri kwa nyumba. Belu likang'aluka, akuluampingo amakhala pansi n'kusonkha ndalama. Koma tambala akangotsimphina, mlandu wake umatha tsiku lomwelo: madzi pamoto, mpeni pamwala. Chizolowezi chimenechi n'chofunika kuchiunikanso.

Oikira kumbuyo mpeni ali ndi mfundo yomveka. Amati nkhuku yovulala imawonda msanga, choncho ndi bwino kuidya idakali ndi mnofu. Koma tambala wabwino sapezeka wamba. Iye ndiye mbewu ya khola lonse, makamaka akakhala wa mtundu wa Mikolongwe, umene anapiye ake amakula matupi. Ndiyenso amachenjeza misoti kabawi akamazungulira. Kumupha chifukwa cha bala lopola m'masabata atatu n'kutaya zambiri pofuna ndiwo za usiku umodzi.

Ndipotu kawirikawiri wolakwa amakhala mwini wake. Tambala wogulidwa pa msika wa Songani amabwera atamangidwa miyendo, akulendewera pa njinga mutu uli pansi. Akafika amamangidwanso chingwe kumwendo kuti azolowere pakhomo, ndipo ulusi wa matumba umadya khungu mpaka kufika pa fupa. Ena amamulowetsa m'khola momwe muli kale mnzake, ngati sanamvepo zoti atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwambiwu umanenedwa pofuna kulangiza anthu olimbirana udindo, koma akale anauona kaye pa nkhuku zenizeni.

Chisamaliro chake sichilira ndalama. Mdzukulu wofuna kuchiphunzira ayambe wamugwira tambalayo madzulo, pamene nkhuku zafatsa, n'kupapasa mwendo kuyambira kuntchafu mpaka kuzala. Bala litsukidwe ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Ngati fupa lathyoka kumunsi, pamene palibe nthenga, timitengo tiwiri ta nsungwi tosalazidwa bwino tiikidwe uku ndi uku pamwamba pa kansalu koyera, kenaka pakulungidwe mosathinitsa. Zala zikazizira kapena kutupa, ndiye kuti pamangika kwambiri, ndipo pamasulidwe msanga. Wodwalayo akhale yekha m'dengu lovundikira, pa udzu wouma, kuti asadumphire pamtanda ndiponso anzake asamujomphe pabala. Madzi, madeya, chiswe ndi zikamba za mazira zosinja zikhale pafupi ndi mlomo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wofulumira kumasula nsungwi sabata yoyamba amabwezera ntchito yonse pachiyambi.

Oilo wakuda wa galimoto, amene ena amapaka miyendo yokakala ndi tizirombo, asayandikire pabala. Mafuta a Vaseline amagwira ntchitoyo popanda kuotcha khungu.

Komabe si kutsimphina konse kumene kuli kuvulala. Tambala wofooka miyendo, wopindika khosi, wotsegula m'mimba zobiriwira, pamene nkhuku zinanso zikuodzera, akhoza kukhala ndi chitopa. Apo nsungwi sizithandiza. Apatulidwe, mlangizi wa ziweto auzidwe, ndipo asagulitsidwe kumsika. Katemera wa I-2 wodontheza m'diso amateteza nkhuku zimene sizinadwale, osati kuchiza zodwala kale.

Mpeni uli ndi nthawi yake. Fupa likathyokera m'ntchafu, kapena likatulukira kunja bala n'kuyamba kununkha, kumusunga tambalayo n'kumuzunza chabe, ndipo mwini wake asazengereze. Koma wothyoka kumunsi, amene akudya ndi kumwa, apatsidwe masabata ake atatu. Nsungwi zikachotsedwa amayamba kuponda monyinyirika, ndipo ena amatsala ndi kamfundo pamwendo moyo wawo wonse, koma kulira m'bandakucha ndi kukwera misoti amapitiriza monga kale.