CHIKHO CHA HANDBALL NDI ANA A KU WENYA

M'chaka cha 1974 maiko a mu Afirika anakumana mumzinda wa Tunis kukalimbirana koyamba chikho cha amuna cha maseŵera a handball, ndipo eni mudzi, a dziko la Tunisia, ndiwo anapambana. Kuchokera chaka chimenecho kufikira 2024 chikhochi chinangozungulira m'manja mwa maiko atatu okha. Tunisia anachitenga kakhumi, Egypt kasanu ndi kanayi, ndipo Algeria kasanu ndi kaŵiri, kuphatikizapo maulendo asanu otsatizana kuyambira 1981 mpaka 1989. M'zaka makumi asanu zonsezo dzina la Malaŵi silinamvekepo pa mpikisanowu. Izi n'zochititsa manyazi, ndipo mlandu wake suli pa ana ayi, koma pa akuluakulu amene sanaŵaphunzitse.

Handball si mpira wa ntchemberembaye. Mbali iliyonse imakhala ndi oseŵera asanu ndi aŵiri, mmodzi mwa iwo ndiye wapagolo. Bwalo lake ndi la mamita 40 mulitali ndi 20 mulifupi. Wogwira mpira sayenda mapazi opitirira atatu osaugunditsa pansi kapena kupatsira mnzake, ndipo chigoli chimaloŵa poponya mpirawo m'golo ndi dzanja. Nanga chovuta n'chiyani kuti mwana wa ku Wenya, m'boma la Chitipa, aseŵere zimenezi?

Alipo ena amene amati maseŵeraŵa ndi a maiko akuluakulu a kumpoto kwa Afirika, ndipo ndi kutaya nthaŵi kulimbana nawo. Anthu otere sanaiŵerenge bwino mbiri ya chikhochi. Cape Verde, dziko la tizilumba lokhala ndi anthu ocheperapo kusiyana ndi a mumzinda wa Lilongwe, anafika mu ndime yomaliza mu 2022, nagonja kwa Egypt. Angola anakhala wachitatu mu 2004, 2016 ndi 2018. Ngakhale Zambia, amene wachita malire ndi boma lomweli la Chitipa, anatumiza anyamata ake ku mpikisanowu mu 2020. Chikho sanabwere nacho, koma anaima pabwalo limodzi ndi akatswiri. Kodi magazi a anyamata a tsidya ilo ndi osiyana ndi a anyamata a kwa Mwenewenya?

Ena amadandaula za umphaŵi, amati kumudzi kulibe nyumba zoseŵereramo. Kumeneku ndi kubisala kuseri kwa chala. Bwalo limodzi la mpira wamiyendo lingadulidwe mabwalo angapo a handball. Mitengo ya bulugamu ikhoza kukhala magolo, phulusa likhoza kulemba mizere, ndipo mpira umodzi ukwanira ana khumi ndi anayi. Chosoŵa chenicheni ndi mphunzitsi wodziŵa malamulo ake, pamodzi ndi atsogoleri a zamaseŵera okumbukira kuti dziko silithera m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Enanso amati maseŵera amasokoneza okonzekera mayeso a Fomu 4. Koma mpikisano wa handball umatenga ola limodzi lokha, ndipo thupi lolimba silinalepheretsepo mutu kuganiza. Chimene chimaononga ana ndi kuŵasiya chabe. Pasukulu pakakhala mpira wamiyendo wokha, anyamata khumi ndi mmodzi amavala yunifolomu, otsala onse nkukhala oombera m'manja. Pakati pa otsalawo pali mnyamata wamtali, wa mkono wamphamvu, amene anakulira kubusa akugenda ndi kulasa osaphonya. Mphatso yake imafota popanda woizindikira.

M'mera mpoyamba. Egypt sanafike pamwamba mwamwayi: anyamata ake achisodzera anatenga chikho cha dziko lonse lapansi mu 1993, ndipo timu yake yaikulu inakhala yachinayi pa maseŵera a Olimpiki a ku Tokyo mu 2021. Choncho sukulu zophunzitsa aphunzitsi, monga ya ku Karonga, zitulutse aphunzitsi odziŵa maseŵeraŵa. Akuluakulu a sukulu za ku Wenya, Chisenga ndi Nthalire ayambitse mipikisano pakati pa ana awo, osadikira kuti wina achokere ku likulu. Dziko limene silifesa m'sukulu zakumidzi lisayembekezere kudzakolola chikho ku Tunis kapena ku Cairo.