Nsomba yowola siuza dokotala ciliconse

Nsomba zikayamba kufa m'damu, ambili a ife timathamangila mcele, laimu, kapena mankhwala a nkhuku amene anatsala m'nyumba. Timathila tisanadziwe n'komwe cimene cikupha nsombazo, ndipo ndalama zimapita pamodzi ndi nsomba.

Vuto n'lakuti matenda a nsomba amafanana pamaso. Zilonda zofiila zingakhale EUS, matenda amene anaonekela m'dela la mtsinje wa Zambezi m'zaka za 2006 ndi 2007, ndipo mu 2020 anabuka ku Mchinji, pakhomo penipeni pa Chipata. Amayamba ndi nkhungu ya m'madzi yochedwa Aphanomyces invadans, imene maantibayotiki saigwila. Koma zilonda zofananazo zimabwelanso ndi mabakiteliya. Nsomba yozungulilazungulila maso ali tong'o ingakhale ndi Streptococcus, kapena Lactococcus amene wapezekapo m'makeji a pa Kariba. Palinso TiLV, vailasi ya tilapia imene asayansi anaifotokoza koyamba mu 2014 ku Israel, ndipo pambuyo pake inapezeka m'nyanja ya Victoria.

Kulabu amasiyanitsa zonsezi. Njila ya PCR, imene tinaimva kwambili nthawi ya COVID-19, imafufuza cibadwa ca kacilombo m'kanyama kocepa ka ciwindi, impso kapena ubongo. Amameletsanso mabakiteliya m'mbale kuti aone mankhwala amene angawaphe, n'kuyang'ana minofu pa maikulosikopu. Kacilombo kakakhala kacilendo, amawelenga cibadwa cake conse. Ndi mmene TiLV inadziwikila bwino. Akatswili tili nao, monga a kusukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia.

Koma makina ali ku Lusaka, damu lili ku Lundazi kapena ku Petauke. Apa ndiye pali nkhani. Nsomba ikafa imawola msanga, tizilombo tina n'kulowelela, ndipo zotsatila zimasokonekela. Cofunika ndi nsomba yodwala ikali moyo, yoikidwa pa aisi, kapena tizidutswa take tosungidwa m'mankhwala oyenela. Ndi alimi angati anauzidwapo zimenezi? Ife tikuona kuti ndalama yoyamba ipite kumaofesi a zansomba m'maboma: mabokosi a aisi, timabotolo, mafuta a njinga yamoto. Ndipo yankho lizibwelela kwa mlimi nsomba zikali m'damu, lisamathele m'lipoti.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Timabisa imfa za nsomba poopa kuti atiletsa kugulitsa, timabwelekana maukonde osaumitsa, timagula mbewu ya nsomba kulikonse kumene yachipa. Woswetsa mbewu mmodzi akakhala ndi matenda, amawagawila madamu a boma lonse m'timapepala ta pulasitiki. Boma likakamize oswetsa kupimitsa mbewu yao, ndipo ife pogula tizifunsa pepala la zotsatila tisanapeleke ndalama.