Ziyankhulo za pa Malire a Mwanza

Boma la Mwanza lili m'malire a Malaŵi ndi Mozambique. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre umadutsa pamenepa kupita ku Zobue, ku Tete, mpaka ku Zimbabwe. Chifukwa cha ichi, pamsewupo pamamveka ziyankhulo zambiri monga Chicheŵa, Chinyungwe, Chipwitikizi, Chishona ndi Chingerezi. Mayi wogulitsa manachesi kwa apaulendo amatha kunenerera mtengo m'ziyankhulo ziŵiri kapena zitatu.

Komabe ziyankhulo zimenezi sizilemekezedwa mofanana. Mapepala a pachipata cha malire amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mbali ya ku Mozambique amalembedwa m'Chipwitikizi. Mayi wa manachesi akalephera kuŵerenga pepala lotere, ena amamuyesa mbuli. Kumeneku n'kulakwa kwakukulu, pakuti munthu wodziŵa ziyankhulo zitatu sangakhale mbuli.

Kodi mphamvu ya chiyankhulo imachokera kuti? Imachokera kwa olamulira. Chingerezi chinakula m'Malaŵi chifukwa Angerezi analamulira dzikoli kuyambira 1891 mpaka 1964. Chipwitikizi chinakula ku Mozambique chifukwa Apwitikizi analamulira kumeneko mpaka 1975. Palibe chiyankhulo chimene chinabadwa chili mfumu.

Mbiri ya Malaŵi itsimikiza zimenezi. M'chaka cha 1968, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chicheŵa chikhale chiyankhulo cha fuko lonse, ndipo chizigwira ntchito za boma pamodzi ndi Chingerezi. Pamenepo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. M'chaka cha 1994, boma litasintha, chinayambanso kumveka pa wailesi. Chitumbukacho chinali chomwechija. Chimene chinasintha ndi maganizo a olamulira.

Malamulo aakulu a dziko amati munthu aliyense ali ndi ufulu woyankhula chiyankhulo chimene afuna. Koma malamulo omwewo amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ayenera kudziŵa kuyankhula ndi kuŵerenga Chingerezi. Motero mlimi wanzeru wa ku Thambani, amene adziŵa bwino mavuto a kwawo, atha kutsekeredwa khomo chifukwa cha chiyankhulo chokha.

Tsono mwana wa sukulu achite chiyani? Aphunzire Chingerezi mwakhama, chifukwa mayeso ambiri a Sitandade 8 amalembedwa m'chiyankhulo chimenechi. Koma asachite manyazi ndi mayankhulidwe a agogo ake, ndipo asaseke mnzake wochokera ku Tete kapena ku Rumphi akaphophonya Chicheŵa. M'malo mwake amupemphe kuti amuphunzitseko moni wa kwawo.

Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Mwana wa ku Mwanza ali ndi mwayi, pakuti ziyankhulo zimamupeza pakhomo. Akadzakula n'kukhala kalaliki wa pachipata, namwino kapena woweruza milandu, adzakumbukire kumvetsera mayi wa manachesi m'chiyankhulo chake ndi kumuŵerengera pepala mwaulemu.